Timatabwa ta Pabalaza Pathu

Nyumba yathu ku Area 23 inali ngati zina zonse za mumzerewo, ya njerwa zowotcha ndi malata, koma pabalaza pokha panali pachilendo. Pansi pake panali timatabwa ta mlombwa, toyalidwa mopingasana ngati mkeka.

Bambo anga anachoka ku Thyolo ali mnyamata, ndipo anakalamba akuyala timatabwa totere m'nyumba za kumayadi. Mwini nyumba ina atafuna matailosi, anawauza kuti azule takaleto akataye. Iwo anabwera nato kwathu m'matumba, pa njinga. Anapala phula lakale ndi mpeni, kamodzikamodzi, n'kumata pa simenti yathu. Timatabwato sitinakwane chipinda chonse. Pakona pomwe panatsala simenti amayi anaikapo kabati.

Chaka chilichonse mvula isanayambe tinkatulutsa mipando panja. Bambo ankagwada n'kukwecha pansi ndi sandipepa, ine ndi mchimwene wanga tikusesa fumbi. Kenako ankanyika kansanza m'mafuta a linisidi osakaniza ndi tepentaini, mankhwala osungunulira penti, n'kumapaka motsata mizere ya thabwa. Akadikira pang'ono, ankapukuta ndi nsanza youma mpaka mafuta onse apamwamba atachoka. Tinkalowera khomo la kuseri kufikira pataumiratu. Nsanza zija ankaziviika m'ndowa ya madzi, ati zikaunjikana zimayaka zokha.

Amayi atamwalira, bambo anapitiriza okha. Patapita zaka anadwala sitiroko. Dzanja lamanja linafa, mawu akutuluka movutikira. Nthawi imeneyo n'kuti banja langa ku Biwi litatha, choncho ndinabwerera kunyumba kudzawasamalira. Ankakhala pampando pafupi ndi zenera tsiku lonse, maso ali pansi. Timatabwa tinali titatuwa, tina titayamba kung'aluka m'mbali.

Tsiku lina ndinapeza chitini cha mafuta aja kuseri kwa kabati, ndipo ndinaganiza zowasangalatsa. Ndinawakhazika pakhonde, ndinakwecha, ndinapaka. Poona momwe thabwa linkamwera mafuta, ndinawonjezera ambiri, osapukuta. Sanaume. Pansi panakhala ponanda, fumbi la mumsewu n'kukakamira pamenepo, mapazi athu akusiya zidindo. Bambo sanandikalipire. Anangondilozera botolo la tepentaini, ndipo ndinakhala chogwada mlungu wathunthu ndikuchotsa zomwe ndinapaka.

M'mene ndinkagwira ntchito imeneyi, bondo langa linalowa pansi pafupi ndi chitseko. Kathabwa kanaphwanyika ngati chigoba cha dzira. M'kati munali dothi lokhalokha ndi chiswe. Ndinavundikirapo nsanza kuti asaone, koma anali atamva kale. Anandipempha kuti ndiwadzutse. Atatsamira paphewa panga, anayenda chipinda chonse akugogoda pansi ndi ndodo yawo. Pena pankalira bwino, koma malo ambiri pankamveka phwa, phwa. Chiswe chinalowera m'ming'alu ya simenti, n'kudya kuchokera pansi. Pamwamba pokha, pomwe ankapaka mafuta, ndi pomwe chinasiya.

Ndinawauza kuti tigula mankhwala, tisintha towonongeka tokha. Anapukusa mutu.

"Zula, mwanangu," anatero. "Zula tonse."

"Bambo, tina tikadali tabwino."

"Ayikenso ndani?"

Mchimwene wanga anali dalaivala wa minibasi, ndipo sanaphunzirepo ntchitoyi. Ine ndinali nditangoonetsa kumene pomwe nzeru zanga zinkalekezera.

Loweruka lotsatira mchimwene wangayo anabwera ndi anzake awiri ndi mafosholo. Ntchito yomwe bambo anaigwira miyezi yambiri inatha dzuwa lisanafike pamutu. Anathira mankhwala, anakonza simenti, pambuyo pake tinapaka polishi wofiira ngati wa anthu onse. Timatabwa tinaunjikidwa kuseri kwa bafa. Mayi wina woyandikana nafe, yemwe ankakazinga mandasi, anadzapempha kuti azikolezera moto. Ndinakafunsa bambo, iwo n'kuvomera ndi mutu.

Kuyambira pamenepo anati mpando wawo tiulowetse kuchipinda. Alendo a kumpingo akabwera, ankawaonera komweko. Ndinayesa kangapo kuwanyengerera kuti adzakhale pabalaza, pomwe pankalowa dzuwa, koma ankati simenti ikuzizira. Anamwalira mvula ili pakati, ndipo tinakawaika ku Thyolo.

Nyumbayo pano muli alendi. Ine ndimakhala ku Chinsapo, m'chipinda chimodzi, ndipo ku Area 23 sindipitapita.