Lorenso Zuze ndi Anthu a m'Bwato Lake

Lorenso Zuze anabadwira kwa Nyachikadza, m'dambo la Ndindi, kumene anthu amayamba kupalasa bwato asanadziwe kupalasa njinga. Bambo ake anachokera ku Mutarara, kutsidya kwa malire, ndipo ntchito yawo inali yosema mabwato, amene kumeneko amawatchula kuti mwadiya. Lorenso anatengera ntchitoyo, ndipo pofika zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anali atasema bwato lake loyamba payekha, la mtengo wa mtondo umene anakaugwetsa kumapiri. Asodzi ataliona anati m'mbali mwake mwapyapyala kwambiri, silikhalitsa. Iye sanatsutsane nawo. Anangolikankhira m'madzi, n'kuimirira m'mphepete mwenimweni mwa bwatolo ndi mapazi onse awiri, n'kuwauza kuti akwere. Bwato limenelo linakhala pamadzi zaka zoposa makumi awiri.

Anali munthu wodziwa kuti ntchito yake amaitha, ndipo sankabisa. Clotilda, amene anam'kwatira atakumana naye pamsika akugulitsa mbatata, ankauza amayi anzake kuti: "Bambo a kwathu aja amadzitama. Chonditopetsa n'chakuti zimene amadzitamazo zimakhala zoona, ndiye ndimasowa powagwirira."

Mitengo ikuluikulu itayamba kutha, mabwato anasiya kusemedwa kawirikawiri. Lorenso sanakhale pansi n'kumadandaula. Anatembenukira ku mitondo, minsi, mipini ya makasu, mithiko ndi zipande. Chipande chake chinkadziwika ngakhale chitasakanikirana ndi za anthu ena: chinali chopepuka, ndipo mlomo wake unkalowa bwino m'mbali mwa mphika.

Mu Januwale 2015 madzi anabwera. Kwa Nyachikadza madzi osefukira si achilendo, koma a chaka chimenecho anakwera m'mawa umodzi kuchoka m'mawondo kufika m'chifuwa. Lorenso anatenga bwato lake lakale lija n'kuyamba kututa anthu kupita nawo kumtunda. Anayenda maulendo atatu. Pa ulendo wachitatu munakwera anthu khumi ndi anayi. Mmodzi mwa iwo anali Rute, mkazi wa mnzake woyandikana naye nyumba, Feston, pamodzi ndi mwana wawo wamkazi Luisa. Malo anatha Feston asanakwere.

"Pitani, mundipeza pachulu paja," anatero Feston. "Ndikamasule mbuzi kaye."

Lorenso atabwerera, chulu chija chinali chitamira. Anazungulira mpaka mikono inakana. Feston sanapezeke, tsiku limenelo ngakhale masiku otsatira.

Atatuluka mumsasa wa anthu othawa madzi, Lorenso ndi Clotilda sanabwererenso kudambo. Anapeza malo kwa Tengani, kumtunda kwa msewu, kumene anthu amalima mapira, mchewere ndi thonje. Lorenso anazika chitsa pansi pa mtengo wa nimu n'kupitiriza kusema. Loweruka lililonse ankamanga katundu wake panjinga kupita kumsika wa pa boma ku Nsanje. Za Feston sankazikamba. Wina akayambitsa nkhaniyo, iye ankatenga mwala n'kuyamba kunola kasemasema mpaka munthuyo asinthe nkhani.

Pamsika pomwepo ndi pamene anakumana ndi Anita, mzimayi wa ku Sweden amene ankagwira ntchito ndi bungwe lina lokumba mijigo. Ankalankhula Chichewa chodukaduka koma chomveka. Anaima pa katundu wa Lorenso, natola chipande, nachitembenuza nthawi yaitali osafunsa mtengo wake. Lorenso naye maso ake anali pa kakapu kamtengo kamene kankalendewera pachikwama cha mzimayiyo.

"Mayi, tandibwerekani ako," anatero.

Anakaika m'dzanja, nayendetsa chala chachikulu m'kati mwake, nakanunkhiza.

"Mtengo uwu sindikuudziwa. Koma si thunthu ili, ndi chotupa cha pamtengo. Ndipo amene anasema ndi wamanzere."

Anita anamuyang'ana kukamwa kuli yasa. Anati kapuyo anasema ndi bambo ake, ndipo n'zoona, ndi amanzere. Anafunsa kuti wadziwa bwanji.

"Mpeni wadutsa chonchi," anatero Lorenso, akusonyeza ndi chala. "Wamanja sangaudutsitse chonchi, angadzicheke. Muwauze kuti ndi mmisiri. Chogwirira chokha chakula pang'ono."

Anita anaseka mpaka kugwira m'mimba, nati akawauza ndithu, ndi za chogwirira zomwe.

Sabata yotsatira anafika kwa Tengani. Anabweretsa kampeni kopindika ngati mbedza, kamene kwawo amakombera nako m'kati mwa supuni ndi makapu. Lorenso anakayesa pa chidutswa cha nimu, nagwedeza mutu kuvomereza. Anita anafuna kumusiyira, koma iye anakana. Anajambula maonekedwe ake pakatoni ndi khala, ndipo mawa lake anapita kwa wosula zitsulo ndi chidutswa cha sipuling'i ya galimoto. Anabwerako ndi kake, kokulirapo, koyenera dzanja lake ndi mitengo yolimba ya kuchigwa.

Pa ulendo wake womwewo Anita anamuonetsa zithunzi pafoni. Anati kwawo nyengo yozizira imakhala yaitali, ndipo kalekale alimi ankakhala m'nyumba akusema supuni, mbale ndi zidole za ana. Masiku ano ena amasemabe zodyera, ena amasema zongoyang'ana, zimene zimaikidwa m'nyumba zoonetsera luso, ndipo ambiri amachita zonse ziwiri. Lorenso anadutsa zithunzi za supuni mofulumira, chifukwa panalibe chimene sangachithe. Anaima pa chithunzi cha kamunthu kamtengo: nkhalamba yovala chijasi, itapisa manja m'matumba, msana utapindika. Thupi lonse linali ndi zipsera za mpeni, zazikuluzikulu, zosasalazidwa.

"Uyu sanamalize," anatero Lorenso. "Sandipepa anamuthera?"

"Anamaliza, bambo Zuze. Amasiya dala. Amafuna muone pamene mpeni unadutsa."

Lorenso anakulitsa chithunzicho ndi zala zake zokhakhala. Anawerenga: nkhope yonse inali ndi malo ochekedwa osaposa khumi ndi awiri. Komabe munthu ankatha kuona kuti nkhalambayo yatopa, ndiponso kuti ndi yamakani.

"Imeneyi ndi ntchito ya kasemasema," anatero pomaliza. "Bambo anga ankasiya m'mimba mwa bwato chonchi. Ine izi ndingazithe."

Madzi ena osefukira, patatha zaka zinayi chichokereni kudambo, anali atasiya thunthu la mbawa pamchenga, ndipo Lorenso anali atalikokera kunyumba ndi ngolo kuti asemepo mitondo iwiri. Mitondoyo sanaiseme. Anayamba ndi chimene manja ake ankachidziwa: bwato, lotalika ngati mikono iwiri yotambasula. Koma m'malo mokumba m'kati monse, anasiya zigawo zina za mtengo zosakumba, ndipo zigawozo zinayamba kutuluka mitu ndi mapewa.

Clotilda anapirira sabata ziwiri. Yachitatu anabwera n'kuima pafupi, manja ali m'chiuno.

"Bambo, ichi n'chophikira chiyani?"

"Si chophikira."

"Nanga kumsika mupita ndi chiyani Loweruka?"

"Mithiko ilipo. Tabwera kuno, uone uyu."

Clotilda anawerama. Pakati pa bwatolo panali mzimayi atasenza wailesi pamutu, dzanja lina atagwira nkhuku m'khwapa, chibwano chili m'mwamba ngati akukalipira mvula. Anali Clotilda mwini. Iye anangoti mphuno yake si yaikulu choncho. Koma kuyambira tsiku limenelo ndiye amene ankathamangitsa mbuzi zikayandikira thunthulo.

Ntchitoyo inatenga miyezi inayi. Anthu khumi ndi anayi onse anali momwemo, aliyense pamene anakhala tsiku lija: mphunzitsi atakumbatira chikwama cha masatifiketi, nkhalamba ina itatseka maso ikupemphera, mayi woyembekezera atagwira mapewa a mnzake, ndi Lorenso mwini kumbuyo ali ndi nkhafi. Sanasalaze paliponse. Mbiri inamveka, ndipo anthu a kwa Nyachikadza amene anamwazikana m'midzi ya kumtunda anayamba kubwera, ena wapansi, ena panjinga. Ankalozana n'kumaseka, ena n'kumapukuta m'maso. Analipo mkulu wina wa mpingo amene anati zimenezi ndi mafano. Lorenso anamufunsa ngati waonapo munthu akuzigwadira, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo.

Rute anabwera mochedwa, anthu atachepa. Tsopano ankakhala kwa mchimwene wake pafupi ndi boma, ndipo kuchokera pa tsiku la madzi lija iye ndi Lorenso ankangopatsana moni basi. Anazungulira bwatolo pang'onopang'ono. Anadzipeza yekha kumapeto, Luisa ali pamiyendo.

"Bambo a Luisa ali kuti?" anafunsa.

Lorenso anaika pansi mpeni. "Mayi, iwo aja sanakwere."

"Ndikudziwa kuti sanakwere. Ndinalipo." Rute anagwira kumbuyo kwa bwatolo. "Koma madzi ankalikoka bwato lanu. Amene analigwira kuti ife tonse tikwere anali ndani?"

Lorenso anayang'ana pamene dzanja la Rute linagwira. Kwa zaka zinayi, akakumbukira Feston ankangoona chulu chomira chija ndi madzi opanda kanthu. Anali ataiwala zoti munthuyo anaima m'madzi ofika m'chifuwa, mikono yonse iwiri itakakamira kumbuyo kwa bwato, akuwerenga anthu mmodzimmodzi pokwera.

"Mwanena zoona," anatero. "Ndalakwitsa. Mubwere Lachinayi."

Anatenga chidutswa chimene chinatsala pa mbawa ija n'kusema munthu kuyambira m'chifuwa kupita m'mwamba, mikono itatambasuka. Mikonoyo inatheka tsiku limodzi. Nkhope inakana. Lachinayi Rute anaiyang'ana n'kupukusa mutu. Lorenso nayenso ankadziwa kuti si iye. Anasema ina, nayonso inakana, ndipo anaiponya pankhuni. Clotilda akuti chikwatirane sanaonepo mwamuna wake akutaya chinthu chimene wasema. Chithunzi cha Feston panalibe. Zonse zinapita ndi madzi.

Kachitatu Lorenso anaika mpando pafupi ndi chitsa chake.

"Khalani apa, mayi. Ine ndigwira mpeni, inu muzindiuza."

Anakhala choncho masiku awiri. Rute ankati mphumi inali yotakata kuposa pamenepo; khutu lakumanzere linali long'ambika pansi, mbedza inamukola ali mnyamata; akamagwira ntchito yolemetsa ankaluma mlomo wam'munsi ndi kupendeketsa mutu. Lorenso ankacheka kamodzi, n'kumuonetsa, n'kuchekanso. Pa tsiku lachiwiri masana, atangochotsa kachidutswa kakang'ono pansi pa tsaya, Rute anamugwira dzanja.

"Basi. Musakhudzenso. Ndi iyeyu."

Lorenso anamuika Feston wamtengoyo kumbuyo kwa bwato, manja ake atalowa ndendende m'mphepete mwake. Rute anakhala pamenepo mpaka dzuwa linapendeka, kenako anasasa chitenje chake, nathokoza m'chilankhulo cha kwawo kuti, "Takhuta, baba," n'kupita kukakwera minibasi.

Anita atabweranso anaona bwatolo litatha. Kenako anati chinthu chotere chiyenera kuonedwa ndi anthu ambiri, ndipo angathe kukonza zoti chikaonetsedwe ku Blantyre, mwinanso kwawo komwe.

"Jambulani zithunzi mmene mungafunire, mukaonetse bambo anu," anatero Lorenso. "Koma anthu awa anasamuka kale kamodzi. Akhala pano."

Anamanga kanyumba kaudzu pafupi ndi nimu uja, ndipo bwatolo lili momwemo mpaka lero. Aliyense wofuna kuliona amaloledwa. Zopita kunja Lorenso anasema zina, zing'onozing'ono: msodzi akusoka ukonde, mzimayi akupalasa njinga atabereka mwana, woimba valimba, mangolongondo a kuchigwa. Zina mwa izo zinafikadi ku Sweden m'chikwama cha Anita. Zipande ndi mithiko sanasiye, ndipo Loweruka amapezekabe pamalo ake pamsika wa pa boma.

Koma ntchito imene imam'bweretsera alendo masiku ano ndi ina. M'chigwa muno muli mabanja ambiri amene madzi anawalanda munthu pamodzi ndi zithunzi zake zonse. Amamva za Lorenso n'kubwera. Mwezi wathawu kunafika bambo wina wa ku Chikwawa, wogwira ntchito m'minda ya nzimbe, amene mayi ake anapita ndi madzi a namondwe wa 2023. Anakhala pampando n'kuyamba kufotokoza maso, mphuno ndi mano a mayi akewo, mothamanga, ngati akuopa kuiwala.

Lorenso anamusiya amalize. Kenako anasankha chidutswa cha mtengo pamulu, nachiimika pachitsa.

"Nkhope tifikako, achimwene, musade nkhawa. Yambani mwandiuza izi: akaima pakhomo kukudikirani, ankaima bwanji?"

Bamboyo anaganiza pang'ono, nadzuka pampando, naika dzanja limodzi kumsana, lina pamphumi kutchinga dzuwa.

"Khalani choncho," anatero Lorenso, natola kasemasema.