Phazi Limene Agogo Anapereka pa Lachinayi Loyera

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Lufeyo Mbewe, ndimamva fungo la utsi wa masamba a kachewere, utsi woyera umene unkakwawa pansi m'munda mwawo kumunsi kwa phiri la Mphunzi, nkhungu ya m'mawa itaukaniza kukwera. Tikatha kukumba, ankaunjika masambawo n'kuyatsa, kenaka n'kukwirira tikachewere ting'onoting'ono m'phulusa, ife adzukulu titazungulira, manja ali m'khwapa chifukwa cha kuzizira. Ankasenda ndi chala chachikulu osapsa, kwinaku akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi ndi mawu a pakhosi.

Ine ndinakulira pakhomo pawo chifukwa mayi ankagwira ntchito ku Lilongwe. Ankanditcha mkazi wawo wamng'ono, ndipo agogo aakazi, a Nabanda, ankangoti, "Mukwatireni ndithu, andipumulitse kuchapa masokosi anuwo." Ndi agogo aamuna amene anandiphunzitsa korona. Ndi iwonso amene ankaimba belu la tchalitchi chathu cha kumudzi, chitsulo cha gudumu la lole chimene chinapachikidwa pamtengo wa mkungudza, ndipo sindikumbukira Lamulungu limene belulo linachedwa.

Ankatsimphina mwendo wakumanzere, ndipo sankavula jombo pamaso pa anthu. Kudimba jombo, kumaliro jombo, kumtsinje ankapita okha. Tinkangodziwa kuti ali mnyamata anatengedwa kupita kunkhondo ya azungu, kudziko la Abisiniya, kukamenyana ndi Ataliyana. Koma Ataliyanawo sankawatchula dzina lawo. Ankati Makaloni. Dzinali analitola kwa azungu amene ankawalamula kunkhondoko, amene ankanyoza adani awo ndi dzina la chakudya cha adaniwo, ndipo likamatuluka pakamwa pa agogo linkatuluka ndi malovu. Galu wathu akathawa nyani, ankati, "Taonani Mkaloni uyu!" Chiwawu chikagwa m'munda, ankati Makaloni alowa. Ife ana tinkaseka n'kumatchulana dzinalo posewera. Sizinkatifikira m'mutu kuti kuseri kwake kuli anthu obadwa kwa amayi ngati ife.

Ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, kumayambiriro kwa nyengo ya Lenti, ku parishi kunabwera wansembe watsopano wodzathandiza m'matchalitchi a kumidzi. Anali Bambo Luwiji, munthu wamfupi, wadazi, wa magalasi, wolankhula Chichewa chopindika chimene chinkaseketsa amayi. Lamulungu loyamba anatiuza yekha kuti kwawo ndi ku Italiya. Nthawi yolandira Ukaristia itakwana, agogo, amene masiku onse ankakhala oyamba pamzere, sanadzuke pa benchi. Lamulungu lotsatira chimodzimodzi. Belu ankaimba, nyimbo ankaimba, koma kutambasula lilime pamaso pa munthu ameneyo anakana.

Sabata Loyera litayandikira, kunyumba kunabwera akatekisiti athu, a Kamwendo. Anapeza agogo akusema mpini pakhonde.

"A Mbewe, akhristu asankha inu kuti mukhale mmodzi mwa amuna khumi ndi awiri osambitsidwa mapazi Lachinayi."

"Wosambitsa ndani?"

"Bambo Luwiji."

"Ndiye sakani wina, aphunzitsi. Mapazi anga ndimasamba ndekha."

Agogo aakazi anali pambali akusankha nyemba. "Mumasamba nokha? N'chifukwa chake anthu amakutalikirani pa benchi paja?"

"Inu a Nabanda, pali alendo pano."

"Alendowo amve! Milungu isanu tsopano, belu mukuimba ndinu, anthu akulandira Ambuye, inu muli khale pansi ngati mwaba mbuzi. Mukuitanira anzanu kuphwando, eni ake n'kubwerera ndi njala. Mukafa mawa, mukawauza chiyani Ambuye? Kuti dzanja lake linali la mtundu wolakwika?"

Agogo aamuna anapitiriza kusema mpaka mpini unaonda, osatha kugwiranso ntchito. A Kamwendo anatsanzika mwaulemu n'kunena kuti akapempha wina.

Ine ndinali kumbali ya agogo aamuna. Kwa ine munthu amene ankawaletsa kulandira Ambuye anali mdani basi. Lachiwiri la Sabata Loyera, ine ndi anzanga tikuchapa pamtsinje kumunsi kwa munda wa agogo, tinamva njinga yamoto. Anali Bambo Luwiji, akubwera kudzamvetsera akhristu akulapa. Mvula inali itagwa dzulo lake, ndipo pofuna kuwoloka, gudumu lakumbuyo linatitimira m'matope. Anatsika, nakankha, naterereka, nagwada m'thope.

Amene anayamba ndine. "Mkaloni! Mkaloni wagwa m'matope!" Anzanga analandira, tikuomba m'manja ngati nyimbo ya masewera. Mawu anga ndi amene ankamveka pamwamba pa onse.

Bambo anatembenuka. Dzinalo ankalidziwa, ndinaonera pankhope pawo. Anavula magalasi, napukuta ndi malaya, nati, "Ana anga, dzina langa ndine Luwiji."

Kumtunda khasu limene linkalira m'munda linasiya. Tinaona agogo akutsika motsimphina, ndipo anzanga onse anabalalika. Ine ndinaima, ndikudikira kuyamikiridwa. Sanandiyang'ane n'komwe. Analowa m'matope, nagwira njingayo kumbuyo, nakankha mpaka inatulukira kutsidya. Bambo anati, "Zikomo kwambiri, agogo." Agogo anatembenukira kwa ine. Anangoti, "Felista, tiye."

Sananditche mkazi wawo tsiku limenelo. Tinakakhala pansi pa mtengo wa mapichesi m'mphepete mwa munda.

"Munthu uja anakulakwira chiyani?"

"Palibe, agogo."

"Unamuonapo atanyamula mfuti?"

"Ayi."

"Nanga dzina lija unalitenga kuti?"

"Kwa inu, agogo."

Ndinkayembekezera kamtengo, koma anangoyang'ana matope amene ankauma pa jombo zawo. Kenaka anandiuza za Simoni, mnzawo wa ku Kaphuka, amene anabatizidwa naye tsiku limodzi ndipo anakwera naye lole imodzi popita kunkhondo. Tsiku lina akuyenda pamsewu wa miyala, Simoni patsogolo, iwo pambuyo, mnzawoyo anaponda bomba limene adani anakwirira pansi. "Tinamutolera m'bulangete," anatero. "Amayi ake anandifunsa kuti manda ake ali pati, ine osadziwa n'komwe dzina la malowo. Zaka zonsezi ndimaona ngati ndikasiya kuwatukwana anthu amenewa, ndiye kuti Simoni ndamutaya kachiwiri."

Anapukuta kumaso ndi chipewa. "Koma lero ndalimva dzinali likutuluka m'kamwa mwa mwana amene sanamvepo fungo la onga. Ambuye ananenapo za mphero ndi khosi la munthu wochimwitsa ana. Ndinkayesa amanena za anthu ena."

Lachitatu lonse anakhala kumunda, ndipo agogo aakazi ananditsina kuti ndisawafunse za Lachinayi.

Lachinayi Misa inali ya chakumadzulo dzuwa lisanalowe, kuti Bambo abwerere kusanade. Agogo anaimba belu, nakakhala kumbuyo monga masabata onse aja. Ife ana tinakhala pansi kutsogolo, pafupi ndi benchi yaitali imene anaikira amuna khumi ndi awiri. Ulaliki utatha, amunawo anabwera kudzakhala, ndipo pamalo pa agogo panakhala a Chikuse, amene anapemphedwa m'malo mwawo. Bambo anamanga chopukutira m'chiuno, a Kamwendo ananyamula beseni ndi jagi. Atasambitsa munthu wachitatu, tinamva jombo zikubwera pakati pa tchalitchi, phazi lina kulemera kuposa linzake. Agogo anaima pamaso pa a Chikuse.

"Achimwene, pepani, malowa ndi anga."

A Chikuse, amene anali atavula kale nsapato, anayang'ana akatekisiti, kenaka anatola nsapato zawo n'kudzuka, akung'ung'udza kuti anataya sopo wawo pachabe. Amayi ena anaseka chamumtima.

Mwambo wake ndi wakuti wansembe amasambitsa phazi limodzi lokha, ndipo amuna onse ankapereka lakumanja. La agogo lakumanja linali labwinobwino. Akanatha kupereka lomwelo, mwambo n'kutha, palibe akanadziwa kanthu. Koma anawerama n'kuyamba kumasula chingwe cha jombo yakumanzere. Anamasula pang'onopang'ono, navula jombo, navula sokosi.

Ndinali pafupi moti ndikanatha kuligwira. Linali ndi zala ziwiri zokha. Pamene panayenera kukhala zina panali khungu lokwinyika, lotuwa, ndipo chipsera chinkakwera mpaka pamwamba pa kakolo. Oimba nyimbo anayamba kusiya mmodzimmodzi mpaka m'tchalitchi monse munati zii.

Bambo Luwiji anafika akuyenda chogwada, naika beseni, nanyamula jagi. Ataliona phazilo, dzanja lawo linaima m'malere.

"Agogo, ichi nkhondo?"

"Bomba la kwanu, Bambo."

Sananene mokweza, koma ife a kutsogolo tinamva. Bambo anaika jagi pansi. Chichewa chonse chinawathawa, mpaka anapeza liwu limodzi lokha. "Pepani. Pepani, agogo." Misozi inkagwera m'kati mwa magalasi.

Agogo anawayang'ana pa dazi kwa kanthawi. Ndikhulupirira kuti pa nthawi imeneyo Mzimu wa Mulungu unali kulimbana nawo, chifukwa ndinaona zala zawo zitakanirira m'mphepete mwa benchi mpaka mitsempha kutuluka.

"Musalire pano, Bambo," anatero pomaliza. "Ifenso sitinapite kumeneko kukabatiza anthu. Thirani madzi, anzangawa mapazi akuzizidwa."

Bambo anathira madzi. Anasambitsa phazilo ndi manja onse awiri, kudutsitsa zala zawo m'makwinya onse, nalipukuta bwinobwino, kenaka anawerama n'kulipsompsona pa chipsera pomwepo. Agogo anatsinzina. Kumbali ya amayi ndinamva agogo aakazi akuyambitsanso nyimbo, mawu ali osasa, ndipo ena onse analandira.

Tsiku limenelo agogo aamuna sanalandire Ukaristia. Sanali munthu wodumpha mpanda. Misa itatha anandigwira dzanja n'kupita nane kwa Bambo, amene anali kumangirira chikwama pa njinga.

"Yamba iwe," anandiuza.

Ndinagwada n'kupepesa ndikulira. Bambo anandisisita pamutu n'kunena kuti kugwa kuja kunalidi koseketsa, dzina lokha ndilo linali loipa. Kenaka agogo anati, "Tsopano pita kwa agogo ako aakazi. Bambo, muli ndi nthawi? Zanga n'zambiri." Anatengana kupita kuseri kwa tchalitchi ndi mpando umodzi. Zimene zinanenedwa kumeneko zili pakati pa iwo ndi Mulungu. Ndimangodziwa kuti a Kamwendo anatseka mawindo onse, nasesa, natsekanso chitseko, awiriwo asanathe. Lamulungu la Pasaka agogo anali oyamba pamzere, lilime lili panja Bambo asanatsike n'komwe paguwa.

Sindinganame kuti dzina lija linafa tsiku lomwelo. Chinthu chimene chakhala pakamwa zaka makumi anayi sichichoka ngati chimfine. Tsiku lina galu anathawanso nyani, agogo n'kuyamba, "Taonani Mka..." Anadziomba pakamwa ndi chikhatho, nayang'ana ine, nayang'ana galuyo, nati, "Galu iwe, ndiwe galu basi." Agogo aakazi anaseka mpaka kukhala pansi. Koma chaka chilichonse mwezi wokumbukira akufa, agogo ankapereka dzina la Simoni kuti litchulidwe pa Misa, ndipo Bambo Luwiji ankalitchula momveka bwino kuposa maina ena onse.

Lero inenso ndine gogo, ndipo ndaphunzira kuti aliyense wa ife ali ndi mtundu wa anthu umene anausungira dzina, ngakhale sanapite kunkhondo iliyonse. Chaka chatha mwana wanga wamwamuna anabwera kudzandiuza kuti wapeza mbeta, mtsikana wachilomwe wa ku Thyolo. Dzina lija limene anthu kuno amanyozera Alomwe linafika palilime panga lokha, losaitanidwa, ine munthu wa korona tsiku ndi tsiku. Pamphasa panali mdzukulu wanga wa zaka zisanu, atasiya chidole chake, akuyang'ana pakamwa panga. Ndinalimeza, ndipo linali lowawa ngati ndulu. Ndinafunsa kuti mtsikanayo dzina lake ndani. Anati ndi Mesi. Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse ndikamatchula ana anga pamaso pa Mulungu, ndimatchulanso Mesi.