Mayina a Kumanda Athu Anamira M'bezi

Lachiwiri lapitali ndinakwera makombi awiri, maminibasi athu a kuno, kuchoka ku Warren Park kupita pa Machipisa, kafulashi kosungira za pa kompyuta kali m'thumba la malaya. M'kafulashimo munali nyimbo ya amalume anga, a Bwanali a ku Hopley. Anthu anandiuza kuti kuseri kwa mashopu kuli katswiri womasitala nyimbo, ndipo akangoikhudza, zonse zimamveka bwinobwino. Ndinakhulupirira ndi mtima wonse, ngati mbuli imene ndili.

Ndikuuzeni kaye chifukwa chake nyimboyi si yamasewera.

Amalume anabadwira pa pulazi ya fodya, monga ambiri a ife amene makolo athu anachokera ku Malawi. Titachotsedwa kumeneko tinasiya manda a abale athu kuseri kwa mabani oumitsira fodya. Mandawo alibe ziliza, alibe zolembedwa, ndipo akuti lero pakulimidwa chimanga. Amalume sadziwa kulemba, koma anapeka nyimbo yotchula aliyense amene anagona pamenepo, mmodzimmodzi, motsata mmene manda anandandalikira kuyambira pa chulu. Chaka chatha tinawakakamiza kuti aijambulitse. Miyezi inayi yapitayi anadwala sitiroko. Ali moyo, amamva, amaseka, koma pakamwa sipatulukanso mawu.

Amene anajambula ndi Tinashe, mwana wa msuweni wanga, bambo wa ana awiri amene ali ndi situdiyo m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba. Anawonjezera ng'oma, bezi yogunda pansi ndi kiyibodi kuti nyimboyo ikhale yamakono. Atatitumizira pa foni tinawomba m'manja osamvetsera n'komwe. Nanga tikanatcherera khutu chiyani mwini nyimbo ali pomwepo akumwa tiyi? Atadwala m'pamene tinaiika ndi cholembera m'manja, n'kupeza kuti mawu awo akumvekera pansi penipeni, ngati munthu woitana ali m'chitsime.

Katswiri wa pa Machipisa uja ndi a Zuze, munthu wa imvi amene makolo ake anathawa nkhondo ku Tete. Chinenero chathu amachimva. Anaika nyimbo, namvetsera maso ali chitsinzinire, kenako anavula zomvera za m'makutu.

"Achimwene, mwandibweretsera chiyani apa? Mafayilo enawo ali kuti?"

Ndinati nyimbo ndi imeneyo, yonse. Iwo angoimasitala kuti mawu a amalume akwere.

"Iii, mwasokoneza ntchito ziwiri," anatero. "Kumikisa ndi pamene chilichonse chili pachokha, mawu apa, ng'oma apa, bezi apo. Pamenepo ukhoza kukweza madala n'kutsitsa ng'oma. Ine womasitala ndimalandira zitaphatikana kale. Ndimangosalaza, kuti imveke mofanana m'kombi, pa foni ndi pa wailesi. Ndikakweza madalawa, kiyibodi ikwera nawo limodzi, chifukwa akhala pamalo amodzi. Munamangako nyumba inu? Simenti ikauma mchenga utachuluka, wopaka penti sangauchotse."

Anayesabe, ndisawanamizire. Anadula bezi, napititsa nyimboyo m'mapulogalamu amene amati amalekanitsa mawu ndi zoimbira. Chimene chinatuluka chinali kulira kwa munthu womira, mawu akuphwanyikaphwanyika. Tinashe anali atawathira amalume mankhwala a pa kompyuta owongola mawu, n'kuika kiyibodi yotsata mayimbidwe awo ndendende. Makina analephera kudziwa kuti munthu ndi uti, chida ndi chiti.

Ndinamuimbira Tinashe ndili pomwepo. Anandiyankha m'Chishona, mwaulemu ndithu, kuti mafayilowo anafufuta kalekale chifukwa kompyuta inadzaza. Ndi mmene amachitira onse ojambula nyimbo: nyimbo ikatuluka, zidutswa zake zimatayidwa kuti wina apeze malo. Nditafunsa chifukwa chimene anatsitsira mawu a agogo ake, sanazengereze.

"Sekuru amangobwereza zomwezomwezo, mudhara. Ndimaganiza kuti ndi kolasi. M'kombi anthu amafuna bezi." Sekuru ndi agogo m'Chishona, mudhara ndi madala.

Sindinamukalipire, ngakhale mtima unandiwawa koopsa. Ndikanamukalipira bwanji? Tinashe samva Chichewa kupatula moni ndi zikomo. Kwa iye mayina aja anali phokoso chabe lokometsera nyimbo. Mwa mayina amene anawakwirirawo muli la agogo a bambo ake, ndipo iye sadziwa. Nanga ndani anamuphunzitsa? Ifeyo, amene tinkalankhula Chichewa chonong'ona m'mizere ya madzi kuti aneba asatiseke kuti ndife obwera? Ine ndemwe ana anga ndimawayankha m'Chishona chifukwa ndi chachangu.

Awerengi, vuto limeneli si la m'situdiyo mokha. Ndife anthu okhulupirira munthu womaliza. Timaganiza kuti kutsogolo kuli katswiri amene adzakonza zimene tikuwononga lero. Mwana akule kaye, chinenero adzaphunzira akadzapita kumudzi. Kumudzi kwake kuti, poti ambiri a ife ngakhale msewu wake sitiudziwa? Mbiri ya banja tidzalemba pa maliro, abale akadzasonkhana. Pa malirowo amene ankadziwa ndi amene ali m'bokosi.

A Zuze akuti sabata siitha osalandira munthu wonga ine. Oimba achinyamata amabwera ndi nyimbo yomikisidwa mothamanga, mphindi makumi awiri basi, n'kunena kuti mudhara, ingoikwezani. Makwaya a mpingo amabwera ndi nyimbo imene mawu a amayi onse anamezedwa ndi kiyibodi ya mwana wa abusa. Onse amafuna chinthu chimodzi: imveke kwambiri kuposa ya mnzawo. Palibe amene amafunsa ngati chikumvekacho ndi chimene anafuna kunena. Ntchito yokhala pansi n'kusankha kuti ichi chikwere, ichi chitsike, ndi yotopetsa, ndipo siioneka. Ndiye timaidumpha.

Ndikanakonda kukuuzani kuti tiphunzirapo kanthu, koma sindikukhulupirira. Madala amene amadziwa mizere ya manda, mayina a midzi ya ku Dedza ndi ku Angonia, ndi kuti uje anakwatira mwana wa yani, akutha mmodzimmodzi ku Hopley, ku Epworth, m'tizipinda ta lendi. Otsala tili kalikiliki kugulitsa tomato ndi kuthamangira makombi. Sindikuona amene akhale pansi kuwamvetsera mawu adakalipo. Ngakhale ine wolemba zimenezi, chaka chathunthu ndinali ndi foni yojambula mawu m'thumba, koma sindinawapemphe amalume kuti angonditchulira mayinawo popanda ng'oma.

Lachinayi ndinapita ku Hopley ndi zimene a Zuze anakwanitsa. Akazi a amalume, mayi Nabanda, anayala mphasa panja, natulutsa amuna awo pa mpando. Iwo anakwatiwa mochedwa, anthu ambiri a m'nyimbomo sanawaone.

"Ikani timve, mwanangu," anatero. "Mwina makinawo atichitira chifundo."

Nyimbo inayamba, yomveka kwambiri, mpaka ana a aneba anayamba kuvina kuseri kwa mpanda. Ine ndinali ndi kope pa bondo. Ndinagwira dzina la Alufeyo. Mayi Nabanda anagwira la Nasimelo, kenako lina limene akuti mwina ndi Jailosi, mwina Jelasi.

"Abambo, ndi Jailosi kapena Jelasi?" anafunsa atawaweramira.

Amalume anayesa. Milomo inagwedera, khosi linatupa, koma sipanatuluke kanthu. Kenako ndinaona dzanja lawo lamanzere, limene likugwirabe ntchito. Dzina lililonse likamadutsa pansi pa bezi paja, iwo amapinda chala. Iwo amawamva onse. Zala zitatha anatambasula n'kuyambiranso, kenako kachitatu, misozi ikutsika osaipukuta.

Anapinda zala khumi ndi zinayi. M'kope mwanga munali mayina awiri, ndi lachitatu lokayikitsa.