Nthenga za Tambala Wanga

Atambala anga onse akhala osupuka khosi chifukwa cha a Sonaullah Ganai, oyandikana nawo nyumba. Chipale chofewa chikayamba kusungunuka kumapiri, iwo ankatsikira kumtsinje wa Bringi, n'kumatembenuza miyala kuti aone tizilombo totsala pang'ono kumera mapiko. Akatero ankadzandibera nthenga zofanana nato, n'kuzimanga pambedza ndi ulusi, ndipo nsomba za trauti zinkameza poyesa chakudya. Moyo wawo wonse wathera poperekeza alendo owedza, wanga wathera powatukwana pampanda.

Chaka chatha anaterereka, madzi ozizirawo n'kuwakokolola mpaka pamlatho. Anapulumuka, koma mwana wawo Mushtaq anakhomera ndodo yowedzera ndi jombo zawo m'bokosi.

"Abba, mwakula. Khalani pansi muzimwa tiyi," anauza bambo akewo.

Anakhaladi pansi. Nyengo yonse yozizira anangofungatira kambaula ka makala m'kati mwa mkanjo. Mtsinje unadzaza matope, kenako unayera. Tizilombo totuwa tinayamba kuuluka pamwamba pa madzi ngati utsi. Tambala wanga ankayenda monyada, nthenga zonse zili m'malo mwake, ndipo zinkandiwawa mumtima. Munthu wamkulu uja ankatha ndikumuona.

Tsiku lina ndinagwira tambalayo, ndinamuzula ndekha nthenga, n'kukawaponyera a Sonaullah pamiyendo.

"Kodi munafa kale, a Sona? Tiuzeni tikumbe manda."

"Inu a Fazi, ndodo ndilibe."

"Misondodzi yatha m'mudzi muno?"

Anatola nthengazo, kenako anati, "Ulusi muli nawo?"

Mushtaq anatipeza kumtsinje masana. Bambo ake anali m'madzi olekeza m'mawondo, opanda nsapato, ndodo ya msondodzi ili m'manja, ine nditawagwira mkanjo kumbuyo ngati ndikukoka mbuzi.

"Azakhali, mukufuna muwaphe?"

"Unawapha kale iwe. Ine ndikuwadzutsa."

"Abba, tulukani!"

"Ukandifuna, lowa udzanditenge," anatero a Sona osacheuka n'komwe. Miyendo yawo inkanjenjemera, ndinkaimva mumkanjomo, koma dzanja linkaponya chingwe ngati kale.

Mushtaq anachoka atakwiya. Posakhalitsa anabwerera, jombo zija zili m'manja.

"Ndiye valani izi, chonde," anatero.

Patsogolo pathu madzi anatakasika, nthenga ya tambala wanga n'kumira.

"Jombozo ziike pomwepo," anatero a Sona. "Nsomba yadya."