Tsiku Limene Ndinalonga Mfuti ya Atate

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene ndinalonga mfuti yoti iphe munthu. Tinkakhala kufupi ndi mishoni ya Kasisi, pamalo amene atate anapempha kwa eni nthaka titachoka kwathu ku Katete. Ife obwera tinkamanga moyandikana, ndipo khomo loyang'anana ndi lathu linali la a Daka. Iwo ndi atate anali limodzi ku nkhondo ya azungu ku Burma, anabwerako pa sitima imodzi, ndipo ine anandinyamula pa ubatizo ndi akazi awo. Tinkabwerekana mchere ndi makasu osawerengera.

Atate anali ndi gogodela, mfuti ija yothirira wonga kukamwa. Anaigula kwa munthu wina wosula zitsulo kutsidya kwa mtsinje wa Chongwe, ndipo inkakhala yobisika mu udzu wa denga la nkhokwe chifukwa inalibe chiphaso. Sikuti sanayese kutsata lamulo. Kawiri konse anapalasa njinga kupita ku boma atavala jekete lawo la usilikali, kukapempha chilolezo chogula mfuti yeniyeni ya kusitolo, ndipo kawiri konse anabwerako ndi fumbi lokha kumapazi. Masiku amenewo munthu wakuda kuti apatsidwe mfuti zinali zapatali, pamene mzungu wa pa famu yoyandikana nafe anali nazo zingapo pakhoma.

Popeza ine ndinali woyamba kubadwa ndipo alongo anga awiri anali aang'ono, atate anandiphunzitsa ine kulonga mfutiyo. Ndinkathira wonga wa muyeso wa kanyanga kamodzi, n'kutsindira kansanza ndi ndodo yachitsulo, kenaka tizidutswa ta misomali ndi kansanza kena pamwamba. Ndodoyo inkalowa mpaka kutsala zala zinayi kunja, ndipo zikatero ndinkadziwa kuti zili bwino. Ndinkanyada nayo ntchito imeneyi. Atsikana anzanga ankadziwa kusinja ndi kupeta, ine ndinkadziwa fungo la wonga.

Chaka chimenecho mesenjala wa boma anayenda m'midzi kulengeza kuti mfuti zonse zopanda chiphaso ziperekedwe, ndipo wopezeka nayo adzamangidwa. A Daka anakapereka yawo sabata yomweyo. Lamulungu lotsatira, tikuchokera ku Misa, iwo ndi atate anayenda patsogolo pathu akukangana njira yonse.

"Ku Burma ananipatsa mfuti osanifunsa pepala," anatero atate. "Lelo nifuna kuteteza chimanga changa, ati siniyenera. Mwana wa mzungu uja aombera nkhunda na mfuti, ine wamkulu nizithamangitsa nguluwe na mwala?"

"Zimene mukamba ni zoona, a Sakala," anayankha a Daka. "Lamulo ili liyang'ana khungu, sinikana. Koma inu na ine tinaona zimene mfuti ichita. Kuja tinali na mkulu wotiuza nthawi yoombera. Kuno azakuuzani ndani? Mtima wanu chabe."

"Mtima wanga niudziwa."

"Naine ninali kukamba choncho. Yanga ninapereka, ndipo nigona bwino."

"Gonani," anatero atate akuseka. "Nguluwe zikabwera muzazionetsa pepala la boma."

Anaseka onse awiri, ndipo tinakadya limodzi maungu kwa a Daka. Mfuti inakhalabe m'denga la nkhokwe.

Vuto linadza pamene chimanga chinali pa dowe, ndipo silinadze ndi nguluwe. Ng'ombe za a Daka zinathyola mpanda n'kulowa m'munda mwathu. Ulendo woyamba atate anangozitulutsa. Wachiwiri anakadandaula, ndipo a Daka anapepesa n'kulonjeza kuti mwana wawo Petulo, mnyamata wamkulu wa ndevu kale, akonza khola. Petulo sanakonze.

Ulendo wachitatu linali Lachinayi dzuwa litapendeka. Ndinali nditangobwera kusukulu ndipo atate anandiitana kuti tikathyole chimanga chootcha. Tinapeza ng'ombe zisanu zili pakati pa munda. Mbali yonse ya kumunsi inali itagona pansi, mapesi othyoka, chimanga chotafunidwa theka chili mbwee m'matope. Atate anathamanga ndi nkhwangwa imene inali paphewa pawo n'kutema ng'ombe yaikulu yofiira pa mwendo wakumbuyo. Ndinamva fupa likuthyoka. Ng'ombeyo inakhala pansi ngati galu, ikulira mokoka, magazi akuthovokera pa masamba a maungu. Imeneyi inali ng'ombe yolimira ya a Daka, imene inkalimanso munda wathu womwewo.

Petulo anali pafupi, akuzisaka. Anatulukira m'chimanga ali ndi chibonga m'manja, ndipo ataona ng'ombe ija sanafunse chilichonse. Anamenya atate paphewa. Atate anatukula nkhwangwa, iye anawamenya padzanja lamanja, nkhwangwa n'kugwa. Anawagwetsa chagada, kuwaponda pachifuwa ndi bondo, n'kuyamba kuwamenya zibakera kumaso. Ine ndinamukoka malaya ndikukuwa, anandikankha ndinakagwera pa mzere. Atatopa anadzuka, anawalavulira, nati, "Msilikali wa chani iwe?" Kenaka anathamangira kwawo kukauza bambo ake.

Atate anadzuka pang'onopang'ono. Mlomo unali utang'ambika, zala ziwiri za dzanja lamanja zitapindikira kumbali. Sanandiyang'ane. Ndikhulupirira kuti chimene chinawapweteka kwambiri si zibakera, koma kuti ine ndinaona. Anayenda molunjika kunyumba, ine ndikuthamanga pambuyo, ndipo atafika pa nkhokwe anasolola mfuti ndi dzanja lamanzere n'kuiimika patsogolo panga.

"Longa."

Amayi anali akusenda nyemba pakhonde. Anataya lichero n'kudzagwira atate miyendo. "A bambo a Velonika, nipapata, ganizirani ana." Atate anawakankha ndi phazi pachifuwa mpaka anakagunda mtondo. Chibadwire ndinali ndisanaonepo atate akukhudza amayi.

"Velonika, nakuuza kuti longa. Dzanja langa siligwira."

Ndinadziwa kuti mfutiyo sinali ya nguluwe tsiku limenelo. Ndinadziwa bwinobwino. Koma manja anga anayamba okha ntchito imene anazolowera. Ndinathira wonga, wina ukutayikira pansi, ndinaika kansanza, misomali, kansanza kena. Potsindira, ndodo sinalowe monga mwa masiku onse. Inatsala kunja pafupifupi chikhatho chonse ndi theka. Ndinatsindiranso, osalowa. Ndinazindikira kuti m'katimo munali kale kanthu. Pambuyo pake ndinamva kuti m'mawa wa tsikulo, ine ndili kusukulu, atate anali atailonga kudikira anyani amene sanabwere, ndipo mu ukali wawo anaiwala. Ndinayang'ana nkhope yawo yotupa, diso limodzi litatsekeka, ndipo ndinaopa kuwauza. Ndinangowapatsa.

Sanafunikire kupita kutali. A Daka anali akubwera m'kanjira ka pakati pa makomo athu, okha, opanda ndodo, chipewa chili m'manja. Ataona mfuti anaima pafupi ndi mtengo wa mango.

"A Sakala, nabwera tikambe. Mwana walakwa, nizamulanga pamaso panu."

"Iwe Daka," anatero atate. Aka kanali koyamba kumva akuwatchula choncho. "Unatuma mwana wako kuti anichite manyazi."

"Ikani pansi iyo. Mwana wanu ali pambali panu apo."

Atate anakweza mfuti, dzanja lamanzere litagwira mpaipi, n'kukoka ndi chala chimene chinatsala chabwino.

Phokoso lake silinali la mfuti imene ndinkaidziwa. Linandimenya m'mutu ngati thabwa, ndipo kwa kanthawi sindinamve kalikonse, ndinkangoona utsi woyera ndi nkhuku zikuuluka. Utsi utapungula ndinaona atate atagwada. Mpaipi unali utang'ambika ngati nzimbe yotafunidwa. Pamene panali dzanja lawo lamanzere panali nyama yolendewera ndi mafupa oyera, ndipo magazi ankatumpha mogwirizana ndi kugunda kwa mtima. Nkhope yawo inali yakuda ndi wonga. Ine kachitsulo kanandicheka patsaya, koma ndinazindikira pambuyo pake nditaona diresi langa lanyowa. Pansi pa mango a Daka anali atagona chammbali atagwira ntchafu, buluku lawo likufiira.

Petulo anamva kulira kwa mfuti ndipo anafika akuthamanga ndi nkhwangwa ya atate yomwe ija, imene anatola kumunda. Anayang'ana bambo ake, n'kulunjika kwa atate amene anali chigwadire. Amayi anadziponya pakati. Iye anawagwira tsitsi kuti awachotse, nkhwangwa ili m'mwamba.

"Petulo." A Daka sanakuwe, koma mawu awo anamveka. "Ukatema, siniwe mwana wanga. Vula lamba wako umange dzanja ilo pamwamba pa chigongono. Manga kolimba. Ukatsiriza ubwere umange mwendo wanga."

Petulo anaima akupuma ngati ng'ombe. Kenaka anataya nkhwangwa, anavula lamba n'kumanga dzanja la munthu amene anafuna kupha bambo ake, akulira ndi ukali. Anthu anasonkhana, anabwereka ngolo, n'kuwagoneka onse awiri m'ngolo imodzi kupita nawo ku mishoni. Kumeneko masisitere anatsuka mabala n'kuwatumiza ku chipatala cha m'tauni pa galimoto. Ng'ombe yofiira ija anaimaliza ndi mpeni madzulo omwewo, ndipo kwathu palibe amene anadya nyama yake.

Atate anawadula dzanja m'munsi mwa chigongono, ndipo diso lamanzere silinaonenso. Atachira anaweruzidwa kukhala kundende zaka zitatu. A Daka anawachotsa misomali itatu m'ntchafu, ndipo anatsimphina mpaka imfa yawo. Pa mlandu ananena zonse monga zinachitikira, osawonjezera, osachotsa, ngakhale za mwana wawo. Koma ubwenzi unathera pomwepo. Mvula isanagwe anasamukira kutsidya kwa Chongwe, ndipo akazi awo, amene anandinyamula pa ubatizo, anadutsa pakhomo pathu pa ngolo osatembenuka.

Ndiyenera kunenanso ichi, chifukwa ndikachisiya ndiye kuti ndanama. Chaka chotsatira nguluwe zinabweradi. Ine ndi amayi tinkaimba zitini ndi kusonkha moto m'mphepete mwa munda, koma zinkangosuntha pang'ono n'kubwerera. Anyani ankatiyang'ana ife akazi n'kumathyola chimanga pamaso pathu. Tinakolola madengu owerengeka. Ndinasiya sukulu kukagwira ganyu pa famu ya mzungu uja, amene kumunda kwake sikunkafika zilombo chifukwa zinkaopa mfuti zake. Mlongo wanga wamng'ono, Yosefe, anatupa miyendo, tsitsi n'kufiira, ndipo ngakhale masisitere anayesetsa, tinamuika m'manda atate ali kundende. Choncho zimene atate ankanena panjira yochokera ku Misa sizinali zopusa.

Atate atatuluka kundende anali munthu wachete. Anaphunzira kulima ndi dzanja limodzi, mpini atauthina m'khwapa. Nkhani ya ndodo ija ndinali nditaisunga zaka zonsezo osauza ngakhale wansembe. Tsiku lina tikupalira awiriwiri, ndinaima n'kuwauza kuti ndinaona kuti mfuti inali yolonga kale, ndipo ndinakhala chete, ndiye kuti dzanja lawo ndinadula ndine.

Anaika khasu pansi n'kukhala pa mzere.

"Ukanakamba, nikanaikonza," anatero. "Nikanaikonza bwino, ndipo a Daka akanafa, ine akananipachika. Usanyamule ichi, mwana wanga. Ine ndine ninapatsa mwana nchito yopha munthu." Anapukuta thukuta ndi chotsalira cha mkono wawo. "Udziwa, pamene tinali m'ngolo muja, ukali unali utasila kale. Tikalibe kufika na pa mlatho. Ninayang'ana a Daka, sininakumbukire chimene ninafunira kuwapha."

Ananyamula khasu n'kupitiriza mzere wawo, ndipo sitinaikambenso nkhaniyi mpaka anamwalira.

Tsopano ndine nkhalamba, ndipo ndimamva pa wailesi anthu akutsutsana za mfuti. Ena amati munthu aliyense ali ndi ufulu woteteza banja lake ndi chuma chake, ena amati mfuti zichoke m'manja mwa anthu wamba. Woyamba akamalankhula ndimakumbukira Yosefe, ndipo sindingamutsutse. Ndimadziwanso kuti lamulo lokondera limaphunzitsa anthu kubisa mfuti m'madenga, kumene palibe amene angaone ngati ili yabwino kapena yowola. Koma ndazindikira kuti aliyense wopempha mfuti amadziyesa monga alili pa tsiku labwino, atadya, atapemphera, akuseka ndi mnzake panjira. Atate anali munthu wabwino masiku onse a moyo wawo kupatula ola limodzi, ndipo mfuti inali pafupi pa ola limenelo. Ukali wawo sunafike ngakhale pa mlatho, koma dzanja silinamerenso, ndipo a Daka sanayendenso mowongoka.

Mdzukulu wanga wina ali ndi famu ku Kanakantapa, ndipo akuba anamubera mbuzi kawiri. Mwezi wathawu anabwera kudzandiuza kuti akufuna kukapempha chiphaso cha mfuti. Sindinamuletse. Ndinangomufunsa kuti pa tsiku limene adzakwiye kuposa masiku onse, kiyi wa bokosi la mfutiyo adzakhala ndi ndani. Anaseka, nati iye sakwiya choncho. Ndinamuuza kuti akhale pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamufotokozera chifukwa chimene atate anga anaikidwira m'manda ndi dzanja limodzi.