Futali wa M'nyengo ya Chisanu

Chaka chimene apongozi anga aakazi anamwalira, apongozi aamuna anabwera kudzakhala nafe pa boma la Chama. Achibale a ku Chikwa anatumiza uthenga woti mdala wasiya kudya, ndiye amuna anga, omwe amagwira ntchito kuchipatala, anakawatenga pa njinga yamoto. Anafika mu Juni ali ndi kachikwama ndi bulangete limodzi.

Anthu amadziwa Chama ngati dera lotentha, ndipo sanama. Koma mu Juni ndi Julaye dzuwa likangolowa chisanu chimaluma, makamaka m'nyumba ya aphunzitsi imene tinkakhalayo, ine pokhala mphunzitsi, yamalata opanda siling'i.

Ine kwathu ndi ku Katete, ndipo Chisenga, chiyankhulo cha apongozi, ndinkangochitola apa ndi apo. Kuwonjezera apo, mkamwana sacheza mwachisawawa ndi apongozi aamuna. Ndinkagwada pakhomo, kuika chakudya, n'kuchoka. Mbale zinkabwerera momwe zinapitira. Ndinayesa nkhuku, nsomba zouma, mpunga wonunkhira uja wa ku Chama, koma ayi ndithu. Amuna anga ankachonderera kuti, "Adada, lawaniko pang'ono." Iwo ankangoti, "Ndakhuta."

Nthawi imeneyo ndinali woyembekezera, ndipo Loweruka lina mtima unangofuna futali ngati amene mayi anga ankaphika. Sindinaganizire za apongozi n'komwe. Ndinagula mbatata kumsika, ndinasinja mtedza mumtondo, n'kusefa nsinjiro. Chakumadzulo ndinayatsa mbaula pakhonde. Apongozi anali atakhala chapomwepo atafunda bulangete, ndipo nditafuna kusuntha mbaula kuti utsi usawavute, anakweza dzanja kuti ndiisiye. Ankafuna kuwotha.

Futali savuta. Umasenda mbatata, kuidula zidutswa zazikulu, kuthira madzi ochepa ndi kamchere. Ikayamba kufewa umawaza nsinjiro pamwamba osatakasa, n'kuvundikira kuti zipse ndi nthunzi. Pomaliza m'pamene umalowetsa mthiko. Nditavundukula poto, ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Amama, manje ichi mukuchitcha chiyani kwanu?"

Aka kanali koyamba kundifunsa kanthu. Ndinayankha nditayang'ana pansi kuti ndi futali.

"Amayi anu anali kuphika cha maungu," anatero. Ankanena malemu akazi awo. Kenako anati, "Ndiikireniko. Pang'ono chabe."

Ndinawapakulira m'kambale ka ana. Mano anali atawathera, koma mbatata yofewa sifuna mano. Anamaliza, napukuta mbale ndi chala. Amuna anga atabwera kuntchito n'kuona mbale ija, anangondiyang'ana n'kulowa m'nyumba poopa kuwachititsa manyazi bambo awo.

Kuyambira pamenepo futali anakhala chakudya chathu cha madzulo. Ndikamachokera kusukulu ndinkapeza apongozi atatong'ola kale mtedza, makoko ataunjika bwino pambali. Ine ndinkaphika, iwo n'kumawotha, ndipo pang'ono ndi pang'ono nkhani zinayamba kutuluka, Chinyanja chosakaniza ndi Chisenga. Ankasimba za kumunda, momwe iwo ndi akazi awo ankalondera chimanga pamsasa, akumenya zitini kuti njovu zithawe. Chaka china njovu zinadya maungu onse, ndipo akazi awo anazitukwana ngati akutukwana mbuzi za aneba. Pofotokoza zimenezi anaseka mpaka kutsokomola, ine n'kuthamangira madzi.

Tsiku lina ndinapeza dzungu labwino kumsika, ndipo ndinaganiza zowaphikira monga ankachitira malemu. Sindinawauze. Ndinangowapatsa mbale n'kukhala potero. Analawa, natafuna nthawi yaitali. Ndinaona misozi ikutsika m'masaya, ndipo ndinayamba kudziimba mlandu kuti ndawatosa pachilonda.

"Sichikufanana," anatero. "Iwo anali kuchulutsa mtedza." Anapukuta kumaso ndi ngodya ya bulangete, napitiriza kudya. Atamaliza anati, "Mawa tibwerere ku mbatata, amama. Cha maungu tiwasiyire eni ake."

Sindinaphikenso cha maungu.

Chisanu chitatha mu Ogasiti apongozi anayamba kusowa mtendere. Ankati nyumba yawo ya ku Chikwa ikufunika udzu watsopano mvula isanabwere, ndipo munda sungadzisose wokha. Amuna anga anayesa kuwaletsa, koma anakana. Anakwera njinga yamoto ija masaya atabwerera, lamba atamasulako bowo limodzi.

Mwana wathu anabadwa mu Okutobala, kutentha kuli pachimake. Apongozi anabwera kudzamuona atamanga nkhuku kumbuyo kwa njinga yakapalasa. Anamunyamula, namuyang'anitsitsa, n'kunena kuti mphuno ndi ya agogo ake aakazi. Anagona masiku owerengeka n'kubwerera, chifukwa mitambo inali itayamba kusonkhana ndipo mbewu anali asanasankhe.