Besi ya Bambo Anga Yatuluka M'kaseti

Lachiwiri ndinatenga kaseti ya kwaya ya kwathu ku Kapondo, momwe malemu bambo anga ankaimba besi. Yatsala yokhayo, ndipo wailesi inali itaitafunako kale kawiri. Ndinapita nayo pa boma kwa Mayi Phiri, amene amasamutsira nyimbo zakale mu kompyuta.

"Mukufuna MP3, WAV kapena FLAC?" anandifunsa.

"Mayi, ine ndikufuna bambo anga," ndinayankha.

Anaseka mpaka kuvula magalasi. Kenako anandifotokozera pang'onopang'ono. MP3 imachepetsa nyimbo potaya timawu tina kuti zambiri zikwane mu foni, ndipo zotayidwazo sizibweranso. WAV imasunga zonse, koma imadya malo koopsa. FLAC nayo imasunga zonse, kungoti imazipinda bwino ngati zovala m'sutikesi.

"Ndiye yabwino ndi iti?"

"Yosunga ndi FLAC. Yomvera pa njinga ndi MP3. Kuchokera ku FLAC mutha kupanga MP3 tsiku lililonse, koma kubwerera sikutheka."

Anandiveka zomvera m'makutu kuti ndisiyanitse. Ndinene zoona: sindinamve kusiyana kulikonse. Ndinangogwedeza mutu ngati katswiri. Komabe ndinatenga zonse ziwiri.

Inu awerengi, si mmene timachitira ambirife? Tikagula memori khadi, funso lathu limakhala limodzi: "Mwalowa nyimbo zingati?" Tikamva kuti ndi zambiri, basi, mano onse panja. Nyimbo za m'minibasi yopita kumalire zilibe vuto, zikafufutika mawa tikazipeza kwina. Nanga nyimbo za ukwati wanu? Nanga kwaya ya kumudzi imene theka la oimba ake linapita? Izonso timangozikankhira mu foni imodzi, yomwe mawa igwera m'ndowa.

Loweruka ndinakawaikira amayi anga nyimbo zija ali pakhonde kusenda mtedza. Itafika nyimbo yachitatu, manja anaima.

"Ndi iwowo," anatero. "Tamvani, alowa msanga. Ankalowa msanga nthawi zonse, aphunzitsi a kwaya ankachita kuwatong'olera maso."

Anaseka, napukuta misozi ndi chitenje, nati ndibwereze. Tinabwereza kanayi, mtedza uli pomwepo.

FLAC ija ndaisunga pawiri: pa fulashi kwathu, ina kwa mlongo wanga ku Ludzi. Kodi mawu a anthu anu inu mwawasunga pati?